Funsani Dokotala: Tikupita kumudzi ndi ana, tilongedze chiyani?

Adokotala, ndimakhala ku Leicester, ku England, ndipo patha zaka 11 chichokereni kwathu. Sukulu zikatsekera mu July ndikufuna kupita ku Malawi ndi ana anga awiri obadwira kuno, wa zaka 9 ndi wa zaka 4. Tikakhala mwezi wathunthu kwa agogo awo ku Mangochi, ndipo anawo akungokamba zokasambira m'nyanja. Masutikesi adzaza kale ndi zovala ndi nsapato za abale, koma mankhwala ndangoikamo Panado. Amuna anga akuti ife okulira komweko malungo sitiopa, ndipo wina akadwala tikagula LA. Nditengenso chiyani?
Mayi wa ana awiri, Leicester

Mayi, bambo akunyumbawo muwauze mwaulemu kuti pa nkhani ya malungoyi sindikugwirizana nawo. Nzoona kuti munthu wokulira kumalo kwa malungo amakhala ndi kachitetezo m'thupi, chifukwa amalumidwa ndi udzudzu chaka ndi chaka. Kachitetezoko sikaletsa kudwala, kamangochepetsa ukali wa matendawo, ndipo munthu akasamukira kumene kulibe malungo kamazilala. Zaka 11 nzambiri. Kwa udzudzu wa ku Mangochi inu ndinu mlendo, ndipo anawo ndiye alibiretu chitetezo chilichonse, pakuti ichi sichotengera kwa makolo. Ku Britain komweko, ambiri mwa anthu omwe amapezeka ndi malungo si azungu opita kukaona nyama, ndi anthu athu omwe anapita kukacheza kwa abale osamwa mankhwala oteteza. Malungo ambiri a ku Malawi ndi a mtundu wa falciparum, omwe angathe kufika ku ubongo kapena kutha magazi mwa mwana m'masiku ochepa chabe. Ndipo musadalire kuti July ndi nyengo yozizira. Udzudzu umachepa, inde, koma m'mphepete mwa nyanja malungo satha chaka chonse.

Choncho chinthu choyamba kulowa m'chikwama ndi mapiritsi oteteza ku malungo, a aliyense, okwanira ulendo wonse. LA ndi mankhwala ochiza munthu amene wadwala kale ndipo wayezedwa, si oteteza. Chloroquine wa masiku athu aja muiwaleni. Dziko la Malawi linamusiya mu 1993 atasiya kugwira ntchito, nkuyamba Fansidar, kenako LA mu 2007.

Oteteza alipo a mitundu itatu. Pa banja ngati lanu ine ndimakonda atovaquone-proguanil, amene ambiri amawadziwa kuti Malarone. Mumayamba tsiku limodzi kapena awiri musanafike, kumwa tsiku lililonse pamodzi ndi chakudya, nkupitiriza masiku 7 mutabwerako. Alipo mapiritsi aang'ono a ana ndipo mlingo wake umatengera kulemera kwa mwana, ndiye muwakweze pa sikelo musanapite kukagula. Doxycycline ndi wotchipa, koma saperekedwa kwa ana amisinkhu ya anuwa kapena kwa mayi woyembekezera, amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndipo mumayenera kumwabe masabata 4 mutabwerera. Apa mpamene ambiri amagwa ulesi. Mefloquine amamwa kamodzi pa sabata kuyambira masabata awiri kapena atatu ulendo usanafike, koma sayenera munthu amene anadwalapo khunyu, nkhawa yaikulu kapena matenda ena a maganizo. Ku England mankhwalawa mumalipira nokha, ndipo ndikudziwa kuti a anthu atatu kwa mwezi wathunthu ndalama yake imaluma. Ngati thumba lapereŵera, chotsani nsapato zingapo za abale.

Mapiritsi okha sakwanira. Tengani mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET, a 50 peresenti, omwe ana amisinkhu imeneyi angathe kudzola bwinobwino. Muziwadzoza ndinu, kupewa maso, pakamwa ndi zikhatho. Ngati mukudzolanso mafuta oteteza ku dzuwa, yambani amenewo, a udzudzu abwere pamwamba. Masikito onyikidwa m'mankhwala mutenge anu, osayembekezera kuti agogo ali ndi apadera. Ambiri omwe ndimaona m'midzi ndi obooka, ena anapita kukatchinga dimba. Udzudzu wa malungo umaluma kuyambira chisisira mpaka mbandakucha, nthawi yomwe mudzakhale pakhonde kucheza ndi abale, choncho ana akhale ndi malaya a manja aatali, mathalauza opepuka ndi masokosi. Ikanimonso majuzi. Mphepo ya mwera imazizira usiku, ndipo mukadutsa ku Dedza kapena kukapezana ndi chiperoni ku Blantyre mudzawafuna.

Za kusambira ndikukhumudwitsani. M'madzi a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, makamaka kumwera kuno monga ku Cape Maclear ndi m'malo a bango, muli likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono nkulowa pakhungu, osamva kuwawa kulikonse, ndipo palibe katemera kapena piritsi loteteza. Ena amagula praziquantel, mankhwala ochiza likodzo, nkumwa tsiku lomwe atuluka m'madzi, koma kumeneko nkutaya mankhwala, chifukwa sapha nyongolotsi zikadali zazing'ono. Chabwino nkusambira m'dziwe la pa malo ogona alendo lothiridwa klorini. Koma ndine kholo, ndikudziwa kuti mwana woona nyanja koyamba simungamugwire tsiku lonse. Akaloŵamo, lembani tsiku, ndipo pakatha miyezi itatu mupite nawo kukayezetsa ngakhale akuoneka athanzi.

Chimene chidzakuvutitseni kwenikweni mwina ndi m'mimba. Tengani mapaketi a ORS, kapena mukagule Thanzi mukafika, pamodzi ndi mapiritsi a zinc a ana, omwe amamwa masiku 10 mpaka 14. Mapaketi akatha, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Loperamide woletsa kutsegula m'mimba ndi wa inu akuluakulu pa ulendo wa pa basi, ana musawapatse. Madzi akumwa akhale owiritsa, a m'botolo lotseka kapena othira WaterGuard, ndipo mafrizesi a pamsewu anawo angowaona. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi anali m'gulu la maboma omwe anavutika kwambiri. Mwana akatsegula m'mimba mwa madzi okhaokha, kapena muli magazi, kapena akulephera kumwa, thamangirani kuchipatala.

Zotsalazo nzazing'ono: Panado wa madzi wa ana, choyezera kutentha kwa thupi, mapulasitala, mankhwala otsukira bala, zipewa, ndi mafuta a dzuwa a SPF 30, poti khungu lakuda nalonso limapsa. Pitani kwa namwino wa pa chipatala chanu masabata 6 mpaka 8 ulendo usanafike kuti aone makhadi a katemera. Wa hepatitis A ndi wa typhoid ndi aulere ku NHS, zipatala za boma za ku Britain. Mufunsenso za katemera wa chiwewe, ndipo anawo muwalangize kuti agalu akumudzi si oseŵera nawo ngati a ku Leicester. Galu akaluma kapena kukanda, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, nkupita kuchipatala tsiku lomwelo. Mukabwerera ku England, aliyense akatentha thupi, makamaka m'miyezi itatu yoyamba koma ngakhale mpaka chaka, musanene kuti ndi chimfine. Pitani tsiku lomwelo, ndipo mawu oyamba kwa dokotala akhale akuti munali ku Malawi.

Adokotala, ndine bambo wa ku Lilongwe ndipo ndimabaya insulin chifukwa cha shuga. Akuntchito akunditumiza ku Accra, ku Ghana, kwa masabata awiri. Mankhwala angawa ndiwanyamule bwanji, nanga khadi lachikasu likufunikadi?
Bambo wa ku Area 25

Bambo, khadilo likufunika. Dziko la Ghana limafuna umboni wa katemera wa yellow fever kwa aliyense wolowa, kupatula makanda, ndipo pobwera kuno adzakufunsaninso poti mukuchokera kudziko komwe matendawa alipo. Khadi limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni, ndiye musadikire sabata yomaliza. Kuyambira 2016 katemera mmodzi amakwanira moyo wonse, choncho ngati munabayitsapo kale, funafunani khadi lakalelo. Ngati zaka zanu zapitirira 60 kapena chitetezo cha m'thupi nchofooka, kambiranani kaye ndi dokotala musanabayitse.

Insulin asalowe m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege. Kumeneko angathe kuundana ndi kuzizira, ndipo insulin woundana ndi wotha ntchito ngakhale atasungunuka. Komanso sutikesi imatha kutsalira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi inu nkufika nokha. Muike m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi majakisoni, makina oyezera shuga ndi timapepala take, zonse zokwanira kuŵirikiza kaŵiri masiku a ulendo, ndi kalata ya dokotala ya m'Chingerezi yoti muonetse pa chipata. Insulin amene mwayamba kugwiritsa ntchito amakhala bwino pafupifupi masabata 4 kunja kwa firiji ngati sakutenthedwa, koma ku Accra nkotentha ndi kwa chinyontho, ndiye musamusiye m'galimoto kapena pawindo. Wosatsegula muike m'firiji ya ku hotelo, kutali ndi mbali youndanitsa. Kutentha kumachititsa insulin kulowa msanga m'magazi, choncho yezani shuga pafupipafupi kuposa masiku onse ndipo m'thumba musasoŵe maswiti. Nsapato zikhale zomwe munazizoloŵera kale, ndipo madzulo aliwonse muziyang'ana mapazi ngati pali thuza kapena bala.