Kodi masamba a artemisia angayezedwe ngati malungo?

Mayi wina wa ku Namwera, amene amalima ndi kuumitsa masamba a artemisia, wandilembera pa imelo. Akuti ogula ena ku Mangochi boma akudandaula kuti masamba a chaka chino alibe mphamvu, ndiye akufunsa ngati kulipo kachipangizo konga koyezera malungo kaja koti aziyezera katundu wawo.

Mayi, kalipo ndithu, ndipo nzeru yake ndi yomweyo. Kamene amadonthezerapo magazi a chala kuchipatala kali ndi asilikali a m'thupi, ma antibody, opakidwa pa kapepala. Asilikaliwa amagwira chinthu chimodzi chokha chimene anapangidwira. Akatswiri a ku Kyushu University ku Japan anapanga asilikali ogwira mankhwala a m'chomera chotchedwa ginseng, ndipo ku China anapanga timapepala ta artemisinin, mankhwala amene gulu la Tu Youyou linapeza m'chomera chanucho mu 1972. Mwa mankhwala awiri amene ali mu LA amene timamwa uja, amodzi anachokera pomwepa.

Poyeza, amaviika masamba operapera mu mowa wa m'labotale, n'kusungunula ndi madzi, n'kudontheza pa kapepala. Pakatha mphindi 10 kapena 15 yankho latuluka. Koma samalani powerenga. Pa malungo, mizere iwiri ndiye kuti matenda alipo. Apa n'zosemphana. Pa mzere woyezerawo anapakapo kale artemisinin, ndipo asilikali a mtundu wofiira amakakamira pomwepo akakhala kuti sanagwire kanthu m'njira. Masamba akakhala amphamvu, asilikali onse amafika atagwira kale, mzere uja osaoneka. Timapepala toyezera poizoni wa chuku mu mtedza timawerengedwanso chonchi.

Ogula anuwo mwina sakunama. Artemisinin m'masamba ouma amatha kuchepera 0.1 peresenti kapena kupitirira 1 peresenti, malinga ndi mbewu komanso nthawi yokolola. Amachuluka chomera chikatsala pang'ono kuchita maluwa, ndipo amakhala m'masamba ndi m'maluwa, tsinde ndi nthambi zake zilibe zambiri. Wosinja zonse pamodzi kuti thumba lidzaze wasungunula yekha mankhwala ake.

Tsono apa ndi pomwe ine sindikondwa napo. Kapepala ka artemisinin sikanganene kanthu za nimu kapena gondolosi, ndipo ngakhale pa artemisia pomwepo kamangonena kuti mankhwala alimo, sikanena kuti tiyi wake achiza. Mu 2019 bungwe la WHO linanena kuti silivomereza tiyi kapena ufa wa artemisia pochiza malungo, chifukwa mlingo wake sudziwika. Mlingo wochepa umasiya tizilombo tamoyo, ndipo timatha kuzolowera mankhwala, mapeto ake LA yemweyo n'kuleka kugwira. Kunyanja kuno, komwe udzudzu sutha, nkhani imeneyi si yamasewera. Mwana akatentha thupi, muuzeni mayi ake athamangire kuchipatala akayezetse, ngakhale thumba lanu litayezedwa n'kupezeka lamphamvu.