Data yogula ndi data imene amakutolerani: mayankho kwa owerenga

Makalata ambiri a mwezi uno akukhudza mafoni ndi intaneti, ndipo ndasankhapo anayi. Awiri oyambawo ndiwayankha mofulumira. Enawo ndikhalitsapo, chifukwa mawu amene akufunsidwawo ndi amene amachititsa munthu kupereka zake osadziwa kuti wapereka.

Aphunzitsi ena a ku pulayimale m'boma la Dedza alemba kuti kusukulu kwawo kunabwera matabuleti ophunzirira ana kuwerenga ndi masamu. Iwo amati "tabuleti yawonongeka", mnzawo amati "tabuleti lawonongeka". Akufunsanso ngati mawuwa sangasokoneze makolo, amene angaganize kuti ana akupatsidwa mankhwala.

Aphunzitsi, pitirizani kunena "yawonongeka". Zipangizo zobwera zambiri zinalowa m'gulu limeneli: foni yanga, kompyuta yathu, wailesi yawo, galimoto ya abwana. Zikachuluka zimatenga ma- ndipo mgwirizano umasintha: matabuleti athu afika, mafoni anga atha moto. Mnzanuyo akutsatira njira ya tebulo langa ndi buku langa, ndipo njirayo iliko m'chiyankhulo chathu, choncho musamudzudzule. Kungoti khutu la anthu ambiri linaika kale tabuleti pamodzi ndi foni. Za mankhwalazo musade nazo nkhawa kwambiri, pakuti kuchipatala timati mapiritsi. Ndiponso anthu akumudzi anachiona kale chipangizochi m'manja mwa anthu ochita kalembera wa 2018. Agogo akafunsa, auzeni kuti ndi sileti yamakono yoyendera moto, amva msanga. Chimodzi chokha muwawongolere ana: iPad ndi dzina la tabuleti ya kampani ya Apple, imene inatuluka mu 2010. Tisalichite zimene tinachita ndi Colgate, amene anasanduka dzina la mankhwala onse otsukira mano.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Ndirande. Akuti: "Mnzanga amati bola Chrome, ine ndimati bola Opera Mini chifukwa siidya data. Koma kodi browser m'Chichewa n'chiyani? Penapake ndinaona atalemba msakatuli."

Achimwene, nanenso mawu oti msakatuli ndawaona pa masamba omasuliridwa, koma sindinawamvepo m'minibasi, pamsika kapena kwa okonza mafoni. Mawu amene amafuna kuti muwamasulirenso kwa Mchewa mnzanu sanayambe kugwira ntchito. Poyankhula, anthu amangotchula dzina: tsegula Chrome, lowa pa Opera. Polemba, nenani browser kamodzi, n'kufotokoza kuti ndi pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, basi. Chimene ndikufuna musasokoneze ndi ichi: Chrome ndi Google si chinthu chimodzi ngakhale mwini wake ndi mmodzi. Browser ili ngati galimoto imene mwakwera, pomwe tsamba lofufuzira la Google lili ngati munthu amene mumamufunsa njira. Mukhoza kufunsa Google muli pa Firefox, imene bungwe la Mozilla linatulutsa mu 2004, kapena muli pa Safari ya Apple. Chrome inabwera mochedwa, mu 2008, koma inakankha Internet Explorer, browser yakale ya kampani ya Microsoft, mpaka eni akewo anaipumitsa mu June 2022.

Mawu anu oti "siidya data" ndi Chichewa chenicheni, monga timanenera kuti galimoto ikudya mafuta. Ndipo pamkangano wanuwo muli ndi mfundo. Opera Mini, yochokera ku kampani imene inayambira ku Norway, imatenga tsamba limene mwapempha, kulidutsitsa pa makompyuta ake, kulifinya, kenako n'kukutumizirani litapepuka. N'chifukwa chake bandulo imakhalitsa. Koma dziwani kuti tsambalo ladutsa m'manja mwa wina lisanafike kwa inu, ndipo masamba ena amabwera opunduka. Ineyo ndimaiona yabwino powerengera nkhani ndi zotsatira za mpira. Za ndalama ndi za kubanki ndimachitira kwina.

Tsopano kalata imene yandikhudza. Mayi wina wogulitsa zitenje ku Mzuzu anamva pa wailesi kuti kwabwera "lamulo loteteza data", ndipo anasangalala poganiza kuti bandulo izisiya kutha masiku ake munthu asanaigwiritse ntchito. Mwana wawo atawauza kuti si zimenezo, anakhumudwa, ndipo akufunsa kuti nanga data yotetezedwayo ndi iti.

Mayi, inu simunalakwe kumva. Analakwa ndi amene anamasulira. Kuno kwathu mawu oti data anafika atakwera pa foni, ndipo anakhazikika ndi tanthauzo limodzi: chimene timagula ndi mayunitsi kuti tilowe pa WhatsApp. Timati data yatha, ndigaireniko data, data yakwera mtengo. Ndiye munthu akanena kuti boma likuteteza data, wina aliyense aganiza za bandulo.

Lamulolo, limene pa Chingerezi limatchedwa Data Protection Act ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2024, likunena za chinthu china. Likunena za zonse zimene zingaloze inuyo: dzina lanu, nambala ya foni, nambala ya chiphaso cha unzika, chithunzi cha nkhope, zidindo za zala, kumene mumakhala, matenda amene munapita nawo kuchipatala, ndalama zimene zadutsa pa Mpamba kapena Airtel Money. Kumbukirani kuti mu 2017 tinaima pamizere kulembetsa ziphaso za unzika, ndipo mu 2018 tinalembetsanso masimu khadi. Kuyambira pamenepo nambala yanu ya foni inamangiriridwa ku dzina lanu ndi nkhope yanu. Zinthu zimenezi zili m'makompyuta a anthu ena, ndipo lamuloli likuwauza eni makompyutawo momwe angazitolerere, kuzisunga ndi kuzigwiritsa ntchito. Udindo woyang'anira unaperekedwa ku MACRA.

Tinene chiyani tsono? Ena amalemba "uthenga wa munthu", koma uthenga ndi chimene umatumiza, ndipo zidindo za zala si uthenga. Ena amati "mbiri ya munthu", koma mbiri imatikokera ku zakale kapena ku kutchuka, monga tikamati mbiri yake yaipa. Ine ndimakonda kunena motalikirapo koma momveka: lamulo loteteza zokhudza inu zimene ena akusunga. Wowulutsa mawu akanena choncho, mayi wa ku Mzuzu adziwa nthawi yomweyo kuti nkhaniyi ikukhudza fotokope ya chiphaso chawo imene anasiya pa ofesi ina, osati bandulo ya mlungu.

Malamulo otere sanayambire kwathu. Mayiko a mu European Union ali ndi lawo lotchedwa GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, ndipo chindapusa chake chimatha kufika mayuro 20 miliyoni kapena magawo 4 pa 100 alionse a ndalama zonse zimene kampani yapeza pa chaka. Mu May 2023 kampani ya Meta, mwini wa Facebook, inalamulidwa ku Ireland kulipira mayuro 1.2 biliyoni chifukwa cha momwe inkasamutsira zokhudza anthu a ku Ulaya kupita ku America. Zambia inakhazikitsa lamulo lake mu 2021, ndipo abale athu a ku Joni ali pansi pa lamulo lotchedwa POPIA, limene linayamba kuluma mu July 2021.

Wa ku Joni komweko ndi amene walemba kalata yachinayi. Ndi bambo amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo akuti atopa ndi timabokosi timene timatulukira pa tsamba lililonse kufunsa za cookies, tizizindikiro timene tsamba limasiya mu browser ya munthu. Amangodina Accept kuti kabokosi kachoke. Akuti anthu amamasulira privacy kuti chinsinsi, ndiye iwo alibe chinsinsi chilichonse: sabera munthu, sayenda njira zamseri, wofuna kuona aone. Funso lawo n'lakuti Accept ndi kuvomera kapena kulola.

Bambo, ndiyambe ndi chinsinsi, chifukwa mawu amenewa ndi amene akupusitsani. Chinsinsi ndi nkhani yobisidwa, ndipo nthawi zambiri tikalimva timaganiza kuti pali chochititsa manyazi kapena choopsa. Tikamasulira privacy choncho, munthu wolungama ngati inu amaona kuti sizikumukhudza. Koma taganizirani za pakhomo panu kumudzi. Mlendo akafika amaima pabwalo n'kunena kuti odi, ndipo sasuntha mpaka mutayankha. Kodi amatero chifukwa m'nyumbamo mwabisa katundu wakuba? Ayi. Mwina mukungodya nsima ndi ana. Koma nyumbayo ndi yanu, ndipo wolowa amalowa mwini atanena kuti lowani. Bafa timalimangira mpanda ngakhale aliyense akudziwa chimene chimachitika m'bafa. Mpongozi salowa kuchipinda kwa apongozi ake. Mwana wosuzumira pawindo la eni timamukalipira, ngakhale asanaone kanthu. Zonsezi tinali nazo kalekale, ndipo palibe chimene timachitcha chinsinsi. Timati ulemu, timati za eni, timati zam'nyumba.

Choncho pamene ena amalemba "ufulu wa chinsinsi", ine ndimalemba ufulu wosalowereredwa pa za iwe mwini, ndipo pofotokozera anthu pamsonkhano ndimati ndi ufulu woti munthu ayambe waodira asanalowe. Ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko la Malawi ikunena zomwezi: munthu asasechedwe m'thupi, m'nyumba kapena m'katundu wake mwachisawawa, asalandidwe zake, ndipo makalata ndi mafoni ake asalowereredwe. M'ndimemo mulibe mawu oti ufuluwu ndi wa okhawo amene ali ndi chobisa. Mawu oti chinsinsi tiwasungire malo ake enieni, monga nambala yachinsinsi ya Mpamba, imene ndi yobisadi.

Ma cookies musawamasulire kuti mabisiketi, ngakhale ndaonapo ena atatero. Ndi tizizindikiro timene tsamba limasiya mu browser yanu kuti likakuonaninso likuzindikireni, ngati kapepala kamene wosunga njinga pamsika amakupatsani. Anatiyambitsa ndi Lou Montulli wa ku kampani ya Netscape mu 1994. Tina ndi tothandiza: ndi timene timachititsa kuti musamalembe dzina ndi nambala yachinsinsi nthawi iliyonse. Tina ndi ta otsatsa malonda, ndipo timakutsatirani kuchoka pa tsamba lina kupita pa lina. Mukafufuza mtengo wa nsapato lero, mawa nsapato zomwezo mukuzipeza pa tsamba la nkhani. Timabokosi tokutopetsanito tinachuluka chifukwa mu 2009 mayiko a ku Ulaya anasintha malamulo awo n'kunena kuti tsamba liyambe lapempha lisanasiye tizizindikiro tosafunikira.

Apa ndiye pafika funso lanu. Chichewa chili ndi mawu angapo pamene Chingerezi cha pa batani chili ndi amodzi. Kuvomera ndi kuyankha kuti inde. Timavomera moni, timavomera nyimbo wina akaitsogolera, timavomera mlandu pabwalo. Nthawi zambiri wovomera amatsatira zimene wina wayamba. Kulola kumatha kukhala kwa munthu wotopa: ndangolola kuti nkhani ithe, ndalola poti ndilibe pothawira. Ndipo kudina kwanu kwa Accept kuti kabokosi kachoke, kumeneko ndiye kungolola. Koma kuloleza ndi kwina. Wololeza ndi mwini chinthu, amene akanatha kukana, ndipo wapereka chilolezo akudziwa chimene akupereka. Mfumu imaloleza munthu kulima pamalo. Kholo limaloleza mwana kupita kuulendo wa sukulu.

Chimene malamulo amafuna ndi chachitatuchi. GDPR imanena kuti kukhala chete kapena kusachita kanthu si chilolezo, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la European Union, pa mlandu wa kampani ya ku Germany yotchedwa Planet49, linagamula kuti bokosi limene eni tsamba achongeratu okha silisonyeza kuti munthu waloleza. Ndiye wina akandipatsa ntchito yomasulira mabatani amenewa, ndingalembe "Ndikuloleza" ndi "Sindikuloleza", onse awiri aakulu mofanana. Sindingalembe "Chabwino", chifukwa chabwino timanena ngakhale posiyana ndi munthu pamsewu, ndipo sasonyeza kuti pali chimene chikuchoka m'manja mwanu. Pa masamba ambiri batani lokanira lilipo, lolembedwa Reject all, ndipo tsambalo limatseguka ndithu mukalidina.

Munatchulanso kumapeto kwa kalata yanu kuti mwana wanu anakuuzani kuti mukatsegula Incognito pa Chrome ndiye kuti mukuyenda mwachinsinsi. Apanso mawu omwewo akulonjeza zimene kulibe. Incognito imangofufuta mapazi anu pa foni yanuyo, kuti wobwereka foni asaone masamba amene munatsegula. Eni tsamba limene mwapitako amakuonani, kampani yokupatsani intaneti imadziwa kumene mwalowa, ndipo ngati muli pa Wi-Fi ya kuntchito, abwana akhoza kudziwanso. Google yomwe inasumiridwa ku America pa nkhani imeneyi, ndipo mu 2024 inavomera kufufuta zambiri zimene inatolera kwa anthu amene ankagwiritsa ntchito Incognito. Mukamawafotokozera anzanu kumeneko, muziti ndi kutsegula kosasiya mapazi pa foni, ndipo mawu oti "pa foni" musawasiye.