Achemwali, pa zitatuzo tengani Corolla

Achemwali, mwati mwasunga kandalama ndiye mukufuna galimoto yanu yoyamba, yopitira kuntchito, kusiya ana kusukulu komanso kukaona amayi ku Ntchisi mwezi ukatha, ndipo zomwe mwaziona ndi zitatu, Sienta, Corolla ya 2004 ija ya ku Area 25, ndi ya ku Germany ya mnzanu wakuntchito yomwe mukuti ili ndi mipando yachikopa koma mtengo wake ndi wotsika kuposa zinzakezo. Ine ndikuti tengani Corolla, bola makaniko akaione kaye.

Ndayendetsa magalimoto kuyambira ndili mnyamata ndipo onse omwe ndimawakumbukira ndi mtima wabwino anali ofanana pa chinthu chimodzi, akawonongeka munthu wokonza amapezeka pafupi ndipo sipeya imapezeka tsiku lomwelo. Bambo anga anali ndi Peugeot 504 m'zaka za m'ma 80, yokwera bwino, yofewa pa msewu wafumbi moti agogo amagona tulo tikamapita kumudzi, ndipo makaniko wake anali bambo wina wokonzera pansi pa mtengo wa mango amene amangomvera kulira kwa injini nkudziwa chomwe chavuta. Yanga yoyamba inali Nissan 1400, kabakki kaja ankapanga ku South Africa mpaka 2008. Aaa kagalimoto kameneko ndimakakondabe mpaka lero. Kanali ka kabuleta, kopanda kompyuta, ukatsegula boneti umaona chilichonse ndipo dzanja limafika paliponse, batire ikafooka anyamata awiri kukankha pang'ono basi yalira. Kananyamula chimanga, feteleza, malata a nyumba yomwe ndikukhalayi, ndipo pamudzi pakagwa zovuta ndi komweko kamathamanga usiku kukatenga anthu. Tsiku lomwe ndinakagulitsa ana anga analira.

Kenako ndinagula Corolla ya 110, ya injini ya 5A, ndiye ndi yomwe inandiphunzitsa kuti galimoto ikhoza kukhala chaka chathunthu osakupempha kanthu kupatula oyilo, filita ndi mapulagi. Ija imayendera timing belt, lamba wa mu injini, yomwe umayenera kusintha ikamakwana makilomita 100,000. Yomwe mwaonayo ndi yotsatira yake, NZE121, anayamba kupanga mu 2000, injini yake ndi 1NZ ya 1.5 ndipo imayendera tcheni osati lamba ndiye nkhawa imeneyo palibe. Apa mvetsetsani chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Injini ya 1NZ yomweyo ndi imene ili mu Probox, mu Fielder, mu IST, mu Raum, mu Premio ndi Allion za 1.5, ngakhale mu Sienta mukuifunayo. Ndiye taganizani kuchuluka kwa magalimoto amenewa pa misewu yathu, ndi chifukwa chake mukapita ku Biwi kaya ku Mchesi, kaya ku Ndirande mukakhala ku Blantyre, koyilo, water pump, mashoko, ma mounting, zatsopano ndi zophwasula pa ina, mumachita kusankha nokha nkunenerera mtengo. Ikakufereni pa Mponela mnyamata wa pagalaja iliyonse waitsegulapo injini imeneyo kambirimbiri, sakaphunzirira pa galimoto yanu.

Ya ku Ulaya ndinakhalapo nayo ndipo sindinama, kukoma kwake pa M1 ndi kwina, imagwira msewu, chitseko chikatsekeka phokoso la panja silimveka, ukafika ku Mzuzu msana osawawa. Galimotoyo inali yabwino ndithu. Vuto linali loti tsiku lina kasensa kamodzi kanafa, kachinthu kolowa m'thumba la malaya, galimoto nkukhala pa galaja masabata angapo tikudikira kuti kabwere kuchokera ku Johannesburg, ine ndikukwera minibasi inshulansi ndikulipirabe. Nthawi imeneyo ndalama yakunja inkapezekako. Pano kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 nkugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse choitanitsa kunja mtengo wake umasintha musanamalize nkukambirana komwe. Mnzanuyo sindikumuganizira zoipa ayi, mwina akungofuna ndalama mwachangu, koma galimoto zotere zikakalamba zimatsika mtengo chifukwa ogula amaopa zokonzetsa, ndipo tsiku lomwe inu mudzafune kuigulitsa mudzakumana nazo zomwezo. Munthu amene ali ndi galimoto ina pakhomo atha kuitenga nkumasangalala nayo. Inu iyi ndi yokhayo, ana akuyenera kufika kusukulu mmawa uliwonse.

Sienta sindikuikana, ndi yabwino pa banja, mipando 7, zitseko zotsetsereka zija ana sangamenyetse pa galimoto ya eni, mafuta imamwa pang'ono. Chomwe chikundibweza ndi ulendo wa kwa amayiwo. Ndi yotsika, mukaikamo anthu ndi matumba awiri a chimanga imayamba kukhula pansi, ndiye nthawi ya dzinja mukasiya tala nkulowa njira ya kumudzi mudzamva chisoni. Chinanso zambiri giyabokosi yake ndi ya CVT, mtundu wa otomatiki wopanda magiya enieni, imafuna oyilo wakewake, wina akangothiramo ATF, oyilo wa otomatiki wamba, poti ndi wotchipa ndiye kuti yayamba kufa pang'onopang'ono, ndipo pogula simungadziwe kuti mwini wakeyo amathiramo chani, makamaka ngati inkayenda matola. Corolla ya 2004 ikakhala ya otomatiki ndi ya magiya 4 achikale aja opirira, ikakhala ya manyuwo ndiye bwino kwambiri. Nayonso si Hilux ayi, pa matope muziyenda mwaulemu, koma imapirira.

Ena akuti bwanji osangoitanitsa ku Japan. Njira imeneyo ndi yabwino kwa amene ndalama zake zili ndi mpata, chifukwa mtengo mumauona pa intaneti uja ndi chiyambi chabe, pali kuitulutsa pa doko ku Dar es Salaam, dalaivala ndi mafuta mpaka pa Songwe, okiliya, kenako msonkho wa MRA womwe umakwera galimoto ikakhala yakale komanso injini ikakhala yaikulu, nkubwera kulembetsa nambala. Pa kandalama mwasungako mudzathera panjira galimoto ili pa boda.

Tsono popita kukaiona Corollayo musapite nokha, ndipo makaniko akhale wanu osati wobwera ndi wogulitsa. Pitani mmamawa injini isanalizidwe, muiike dzanja pa boneti ngati yafunda kale mufunse chifukwa chake. Ikamalira koyamba imani kumbuyo muone utsi, wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo, woyera wosatha ndiye kuti madzi akulowa mu injini. Tsegulani chotsekera oyilo, mukapeza zoyera ngati chambiko isiyeni pomwepo gasketi inapsa. Potembenuza kiyi magetsi onse a pa dashibodi ayake kenako azime injini ikalira, pali ena amachotsa babu ya check engine kuti musaone kanthu. Mayileji musawakhulupirire kwambiri amabwezedwa, yang'anani kutha kwa chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa dalaivala. Makaniko alowe pansi aone ngati chasisi inawotcheredwapo, ndipo muiyendetse mpaka itenthe bwinobwino, mudutse nayo pa mahampu mumve ngati kutsogolo kukugogoda, mukwere nayo mtunda muone ngati magiya akusintha osagwedeza.

Mapepala ndiye musachite nawo manyazi ngakhale wogulitsayo akhale wa kutchalitchi kwanu. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zomwe zili pa blue book, dzina likhale la amene akukugulitsaniyo, ndipo mupite limodzi ku Road Traffic mukasinthe umwini musanapereke ndalama yonse, osatuma madobadoba. Muonenso COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ndi inshulansi kuti zikutha liti.

Ndipo chonde achemwali musathere ndalama yonse pogula. Nenererani mtengo kuti mutsale ndi yoti sabata yoyamba yomweyo muchite sevisi yonse, oyilo wa injini ndi wa giyabokosi, mafilita, mapulagi, mabuleki, muthiremo coolant osati madzi a pampopi, ngakhale mwini wakeyo alumbire kuti wachita dzulo. Matayala akakhala akutha yambani ndi awiri akutsogolo, enawo mwezi wotsatira. Makaniko akakapeza kuti injini kapena chasisi ili ndi vuto musaumirire, ma NZE ndi ma Fielder ogulitsa alipo ambiri mu Lilongwe, mudikire ina.