Mafunso a Owerenga: Magetsi ndi Madzi M'galimoto Yogonamo

Funso: Ine ndi akazi anga tabwereka galimoto yogonamo yokhala ndi firiji ndi thanki ya malita 80, ndipo tikufuna kukagona ku malo osungirako nyama zakutchire a Kgalagadi, mbali ya Botswana, komwe malo ambiri ogona alibe magetsi kapena mpope. Kodi tingatani kuti batire ndi madzi zisatithere? Wowerenga, Johannesburg.

Yankho: Bambo, chomwe chidzakudyereni magetsi kwambiri ndi firiji, chifukwa imagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo kunja kukatentha imatha kumaliza pafupifupi 40Ah pa tsiku (Ah ndi muyeso wa magetsi omwe batire limasunga). Ngati batire lanu ndi la mtovu la 100Ah, musaligwiritse ntchito kupitirira theka, poti kuliphwetsa kotheratu kumalifupikitsa moyo. La lithium limapirira mpaka 80 peresenti kapena kuposerapo. Firijiyo iziyendera batire lakelake, losiyana ndi lolizira injini, chifukwa kumeneko wokukankhirani galimoto ngosowa. Ife tingasankhe sola ya mawati 200 yonyamulika, yomwe mungaiyike padzuwa galimoto ili pamthunzi, n'kumaipukuta fumbi m'mawa uliwonse.

Pa madzi, akumwa ndi ophikira asungeni padera m'zigubu, kuti thanki ikabooka pa msewu wa mchenga musatsale manja lende. Mukawerengera malita 10 pa munthu pa tsiku, thanki yanuyo ndi ya masiku anayi okha, choncho sambani m'beseni, ndipo mbale muyambe mwazipukuta ndi pepala musanazitsuke. Kumbukiraninso kuti lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi musanadzaze zigubu padenga.