Msonkho wa ku America: kulembera limodzi kapena aliyense payekha?

Mayi ena a ku Indiana andilembera imelo. Iwo ndi nesi, amuna awo ali ndi kabizinesi kokonza magalimoto, ndipo ali ndi ana awiri aang'ono. Anzawo a kuntchito awauza kuti akamalemba msonkho paokha, osati pa fomu imodzi ndi amuna awo, ndalama zobwezedwa ndi boma zidzachuluka. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona.

Mayi, kwa mabanja ambiri a ana si zoona. Pa standard deduction, ndalama yokhazikika imene imachotsedwa pa zopeza msonkho usanawerengedwe, palibe amene amapindula: m'chaka cha 2024 inali madola 29,200 kwa olembera limodzi, ndi 14,600 kwa aliyense wolemba payekha, theka lenileni. Pamene pamaluzika ndalama ndi pa za ana. Mukalemba panokha koma mukukhala nyumba imodzi ndi bambo, IRS, bungwe lotolera msonkho ku America, siikupatsani Earned Income Tax Credit (thandizo la pa msonkho la ogwira ntchito opeza zochepa), siikubwezerani kanthu pa zomwe mumalipira kosungitsa ana mukapita kuntchito, ndipo chiwongoladzanja cha ngongole ya sukulu simungachichotse. Child Tax Credit, ndalama yochotsedwa pa msonkho chifukwa cha ana, yomwe chaka chimenecho inali madola 2,000 pa mwana wosakwana zaka 17, imatsala, koma mwana mmodzi sangalembedwe pa mafomu awiri. Komanso bambo akasankha kuwerengera zochotsera zawo chilichonse pachokha m'malo mwa standard deduction, inunso mukuyenera kutero, ngakhale mulibe chowerengera.

Chimene chandiimitsa pa kalata yanu ndi bizinesi ya bambo ija. Kusaina fomu imodzi ndi kuvomera kuti ngongole yonse ya pafomupo ndi yanunso. Ngati bambo amalandira ndalama pamanja osazilemba, IRS ikadzatulukira ingathe kulondola malipiro anu a unesi pa msonkho wonse, chilango ndi chiwongoladzanja chomwe, ngakhale banja litatha kale. Ilipo Form 8857 yodandaulira kuti inu simunadziwe, koma kupambana kwake si kwapafupi. Sindikunena kuti bambo akubisa kanthu ayi. Funso n'lakuti kodi mabuku a bizinesiyo munawaonapo? Ngati sakufuna kukuonetsani, kuluza madola angapo polemba panokha n'kwabwino kusiyana ndi kusainira zimene simukuzidziwa.

Zifukwa zina zolembera padera zilipo koma n'zochepa. Ngati mukubweza ngongole ya sukulu molingana ndi malipiro, pa mapulani ena kulemba panokha kumatsitsa zolipira pamwezi. Ngati mmodzi wawononga zambiri kuchipatala, zimachotsedwa ndi zokhazo zopyola 7.5 peresenti ya zopeza, ndiye malipiro a munthu mmodzi amathandiza kufika msanga pamenepo. Koma ngati vuto ndi ngongole yakale ya bambo imene ingadye ndalama zobwezedwa, lemberani limodzi n'kuwonjezera Form 8379, gawo lanu libwere kwa inu.

Enanu amene akazi kapena amuna anu ali kumudzi ku Malawi, nkhani yanu ndi ina: kulembera limodzi n'kotheka, koma pamafunika ITIN, nambala ya msonkho imene IRS imapereka kwa amene alibe Social Security Number, ndipo zopeza za kumudzizo zimalowanso m'fomu.

Werengetsani njira zonse ziwiri pa kompyuta musanatumize, tsiku lotseka ndi 15 April. Mukalemba padera, muli ndi zaka zitatu zosinthira n'kulembera limodzi. Mukalembera limodzi, tsiku lotsekalo likangodutsa simungabwererenso ku mafomu awiri.