Namwino wakwera udindo, nanga akufuniranji kusiya ntchito?

Mayi ena andilembera pa imelo za mng'ono wawo, namwino amene anawonjezera maphunziro ndipo tsopano amapima odwala n'kuwalembera mankhwala. Akuti mng'ono wawoyo akufuna kusiya ntchito. Funso lawo ndi lakuti: "Munthu wafika pamenepa, akuthawanso chiyani?"

Mayi, musamuone ngati waulesi. Udindo umenewu unabadwa chifukwa cha kuchepa kwa madokotala. Mu 1965 namwino Loretta Ford ndi dokotala Henry Silver anayambitsa maphunziro otere pa yunivesite ya Colorado ku America, ndipo mu 2010 dziko la South Africa linalola anamwino kuyambitsa odwala pa ma ARV. Ntchito ya dokotala inasamukira kwa namwino, koma kawirikawiri mphamvu, malipiro ndi nthawi zinatsalira m'mbuyo.

Mng'ono wanu amapima wodwala, matenda wawadziwa, mankhwala akuwadziwa, komabe m'malo ambiri ayenera kudikira dokotala kuti asaine. Zikalakwika, wofunsidwa ndi iyeyo. Ntchito zakale sanamuchotsere: kubaya jakisoni, kutsuka mabala, kulemba malipoti, kugwira usiku. Mwezi ukatha, malipiro ndi pafupifupi omwe aja. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa amene amapsa nazo ndi amene anadzipereka kuphunzira.

Palinso kusungulumwa, kumene ambiri sakutchula. Anamwino anzake amati wadzikweza, madokotala ena samuwerengera ngati mnzawo, ndipo odwala ena amafunsabe kuti, "Adokotala abwera nthawi yanji?" Akakumana ndi matenda ovuta, makamaka pa chipatala chaching'ono, alibe woti amufunse nzeru. Amapita kunyumba mtima uli m'mwamba, akudzifunsa ngati sanaphonye kanthu. Kutopa kotereku bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakuvomereza mu 2019 kuti ndi vuto lochokera kuntchito, ndipo lipoti lake la 2020 linati dziko lonse lapansi likuperewera anamwino pafupifupi 5.9 miliyoni. Aliyense wochoka amasiyira otsala katundu wake.

Mukhale naye pansi, mumufunse chimene chikumupweteka kwenikweni. Ngati ntchitoyo amaikondabe, asanalembe kalata yosiya apemphe akuluakulu ake kuti amulembere bwinobwino pamene udindo wake ukuyambira ndi kuthera, amupatse dokotala woti azikambirana naye za odwala, ndiponso aonenso giredi yake. Akuluakuluwo akakana zonsezi, musamuletse kukafuna kwina kumene maphunziro akewo adzalemekezedwe.