5-HTP ndi magnesium sizingabwezere kukoma kwa ecstasy

Mwati mapilitsi ozunguza bongo a ecstasy sakukugwirani ngati kale, moti tsopano mukumwa awiri pomwe limodzi linkakwana, ndipo mukufunsa ngati 5-HTP kapena magnesium, zomwe anthu amamwa monga mavitamini, zingabwezeretse kukoma kwa poyamba kuja. Sizingatero ayi. Ndipo ine chondidetsa nkhawa kwambiri m'funso lanu ndi pilitsi lachiwirilo.

MDMA, yomwe imakhala mu ecstasy, imakhuthula serotonin (mankhwala achilengedwe a m'thupi othandiza munthu kumva kukoma mumtima) wambiri mu ubongo nthawi imodzi, kenaka imafooketsa njira imene thupi limapangira wina watsopano. Ndiye mukamwanso ubongo usanabwerere m'chimake, mukupala m'nkhokwe yopanda kanthu. N'chifukwa chake masiku angapo otsatira mtima umalemera, tulo sitibwera, chilichonse chimangokunyansani.

Vuto lagona pakuti thupi silizolowera mofanana. Kukoma kumazilala msanga, koma mtima ndi mitsempha zimalandirabe mphamvu yonse ya mankhwala: mtima kuthamanga, BP kukwera, thupi kutentha. Kuwonjezera apo, MDMA imatseka enzyme ya m'chiwindi yotchedwa CYP2D6, yomwe imayenera kuichotsa m'magazi. Choncho pilitsi lachiwiri limapeza chiwindi chitagwa kale ulesi, mankhwala n'kuunjikana kuposa momwe mungawerengere. Inu mukumva ngati sizikugwira, pamene mtima ukulira.

Pa 5-HTP, chenjerani zedi. Thupi limaisandutsa serotonin, ndiye ikakumana ndi MDMA, kapena ndi mankhwala a matenda a nkhawa monga fluoxetine, serotonin amatha kusefukira: kunjenjemera, thukuta, minofu kuuma, mutu kusokonekera, thupi kutentha mpaka kupitirira madigiri 40. Zimapha. Mankhwala azitsamba a St John's wort ndi mankhwala opha ululu a tramadol alinso m'gulu lomweli la zochulukitsa serotonin. Magnesium anthu amaitama kuti imachepetsa kukukuta mano. Mwina nsagwada zimapumuladi, koma mtima, chiwindi ndi ubongo siziteteza.

Ngati mukumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, musayese n'komwe. Ritonavir imachedwetsa kuchotsedwa kwa MDMA m'thupi, ndipo anthu afapo nazo. Ma ARV musasiye. Chosiya ndi ecstasy.

Madzi nawo anthu amawamva molakwika. MDMA imachititsa thupi kusunga madzi, ndiye kumwa mopyola muyezo kumasungunula mchere wa m'magazi ubongo n'kutupa. Leah Betts, mtsikana wa zaka 18 wa ku England, anamwalira mu 1995 atamwa pilitsi limodzi lokha ndi malita pafupifupi 7 a madzi pa nthawi yochepa. Madzi ndi omwa pang'onopang'ono, n'kumatuluka pamalo potentha kukapuma. Mowa umangowonjezera mavuto, makamaka kwa ogwiritsa cocaine, poti ziwirizi zikakumana m'chiwindi zimapanga cocaethylene, amene amakhalitsa m'magazi ndi kulemetsa mtima. Zakumwa za caffeine wambiri nazonso zimakankha mtima wothamanga kale.

Musaiwalenso kuti zomwe zili m'pilitsi simuzidziwa. Mapilitsi ena amapezeka ndi PMA kapena PMMA, mankhwala ena ofanana ndi MDMA omwe amachedwa kugwira. Munthu amaganiza kuti wagula zofooka, amwa lina, zonse n'kudzagwira pamodzi.

Chimene chimatsitsa kuzolowera ndi kuleka basi, miyezi osati masiku, uku mukugona mokwanira ndi kudya bwino. Kunena zoona, ndingakonde mutalekeratu, chifukwa kwa ambiri kukoma kwa poyamba sikubwereranso ngakhale atapuma. Koma mukapuma n'kudzabwererako, dziwani kuti mlingo umene mwafikapowu thupi silidzaupirira. Ndipo mukaona kuti sabata siikutha osamwa, kapena mtima ukulemera mpaka kuganiza zodzivulaza, kaonaneni ndi dokotala, mumuuze zonse zimene mukumwa, ngakhale mavitaminiwo.

Anzanu amene mumayenda nawo adziwenso izi: wina akamva kupweteka pachifuwa, mutu waukulu kwambiri, akayamba kubwebweta, kugwa khunyu, kapena thupi likatentha ngati moto, muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. Podikira thandizo mum'vule zovala zolemera, mum'ziziritse ndi nsalu yonyowa, ndipo ngati wakomoka mum'goneke chammbali, osam'thira madzi mkamwa. Madokotala muwauze mosabisa chimene wamwa, kuchuluka kwake ndi nthawi yake.